Che Twaibu ndi Chala cha Mwana Wanga

Che Twaibu anamwalira Lachinayi, pa 19 Ogasiti 1982, nthawi itangopitirira 10 koloko m'mawa. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa anafera pakati pa mawotchi. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa matewera a Enelesi, pamene a Phiri atelala, amene ankasoka pakhonde limodzi ndi iwo ku Area 1, anatulukira tepi ili m'khosi. Sanapereke moni.

"Amake Enelesi, madala aja atisiya."

Ndinawayang'ana osamva. A Phiri anakhala pamwala wochapirapo, pamadzi pomwepo, n'kundifotokozera. Anati Che Twaibu anali pampando wawo monga mwa masiku onse, kagalasi kali padiso, wotchi ya munthu ili yotsegula patebulo. Anawalankhula kawiri osayankhidwa, n'kuyesa kuti ndi mwano wawo uja wosayankha anthu akakhala pantchito. Atawagwira paphewa ndi pamene mutu unagwera kutsogolo.

Pofika 4 koloko madzulo anali ataikidwa kale. Kwathu ku Nsaru maliro amagona, anthu amasonkhana, mtima umayamba wavomera. Koma Che Twaibu anali Msilamu. Anzawo a kumzikiti anawasambitsa, anawakulunga m'nsalu yoyera, n'kuwanyamula pamapewa, amuna okhaokha. Ife akazi tinatsala pabwalo. Matewera amene ndinayamba kuchapa iwo ali moyo anali akadali m'beseni iwo ali kale m'nthaka.

Ndipo m'mawa mwake, Lachisanu, linali tsiku loti atiperekeze ine ndi mwana kuchipatala chachikulu, kukaonana ndi dokotala wa mafupa.

Enelesi anabadwa ndi zala zamanthu ziwiri kudzanja lamanja. Si kachala kolendewera kaja kamene ana ena amabadwa nako ayi. Ndi zala ziwiri zenizeni, zophukira patsinde limodzi ngati mphanda, chilichonse ndi chikhadabo chake. Apongozi anga, amayi awo a bambo a Enelesi, ankafuna kumanga chimodzi ndi ulusi kuti chigwe, kuyambira mwanayo ali ndi masabata awiri. Kwa miyezi khumi, chimene chinaimitsa ulusi umenewo anali Che Twaibu basi.

Sanali mbale wanga. Ife tinkakhala m'kachipinda kuseri kwa nyumba yawo. Bambo a Enelesi ndi mesenjala ku Capital Hill, amapalasa njinga kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, choncho masana pabwalo tinkakhalapo ine, nkhuku, ndi Che Twaibu akabwera kudzatembenuza mazira. Anali aafupi, oonda, a ndevu zoyera zosongoka, ndipo jekete sankavula ngakhale mu Okutobala. Akazi awo anamwalira ife tisanabwere. Tiyi ankamwa wopanda shuga, amati shuga amanjenjemeretsa manja. Munthu akawapatsa dzanja ali pantchito, iwo ankamupatsa chigongono.

Sanali munthu wofewa, ndisaname. Mabwana a ku City Centre ndi ku Area 11 ankabwera pagalimoto ndi mawotchi awo, ndipo wina akavomera kuti analowa nayo m'bafa, Che Twaibu ankamukalipira ngati mwana wa sukulu, tayi ili m'khosi. Ndi a Phiri ankakangana pafupifupi tsiku lililonse. A Phiri ankawanena kuti amasunga mawotchi a eni ake mwezi wonse chifukwa chongofuna kumamva kulira kwake. Iwo ankabwezera kuti mathalauza a a Phiri amatuluka mwendo wina wa bambo, wina wa mwana. Kenako ankagawana chinangwa chimodzi.

Ine anandiyamba tsiku loyamba lomwe. Ndinagwada n'kupereka moni, monga ndinaleredwera.

"Mwati chiyani?"

Ndinabwereza.

"Wotchi iyi ikumveka kuposa inu. Kwanu amalipiritsa msonkho pa mawu?"

Kuyambira pamenepo ankanditchula kuti a Manong'onong'o. Ndinkawaopa. Ndikamva nsapato zawo ndinkalowa m'nyumba.

Mawotchi anaphunzira atakula kale. Asanayambe zimenezo anagwira ntchito zaka zambiri kumalo ena ofufuzirako za ziweto kunja kwa tauni, kutsuka mabotolo ndi kugwirira nkhuku pozibaya jekeseni. Kenako kunabwera mayi wina wachizungu amene ankafufuza m'mene mwanapiye amaumbikira m'dzira. Mayiyo ankadziwa zambiri, koma manja ake ankanjenjemera. Ataona m'mene Che Twaibu ankachotsera kachitsotso m'diso la nkhuku, anawaika pampando wake. Iye ankanena pocheka, iwo n'kumacheka. Tsiku lina mayiyo anauzidwa kuti atuluke m'dziko muno pasanathe masiku awiri. Ukawafunsa chifukwa chake, ankayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti iwo anali otsuka mabotolo chabe. Mayiyo anawasiyira makina oonera tinthu tating'ono, a maso awiri, ndi bokosi lofungatira mazira lotenthetsedwa ndi nyale ya palafini. Zonsezi ankasunga m'kashedi ka malata pafupi ndi khola. Za mawotchi ankati n'zopumulirako, chifukwa wotchi ukaitsegula molakwa siifa.

Katatu pa tsiku ankasiya tebulo m'manja mwa a Phiri n'kubwera kudzatembenuza mazira aja. Dzira lililonse linali ndi tsiku lake lolembedwa ndi pensulo. Ankakonda kunena kuti m'dzira mulibe kapitawo, mulibe woimirira ndi ndodo kulozera kuti mutu ukhale uku, mchira uko. Nyama imauza nyama inzake, ndipo zonse zimakhala m'malo mwake. A Phiri akamva zimenezi ankasiya kupalasa makina.

"Che Twaibu, za opanda kapitawozo muzikanenera kuseri. Ine ndili ndi ana."

Mazira anga anabwera motere. Mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi, anamwino kusikelo anati magazi anga ndi ochepa, ndizidya mazira. Kwathu mayi wapakati sadya mazira. Choncho sindinadye. Koma tsiku lina ndinachita chizungulire pampopi, ndipo Che Twaibu anandiona. Madzulo ake ndinapeza mazira awiri akuluakulu pakhomo. Inali nkhuku yawo ina imene inkaikira mazira okhala ndi chachikasu pawiri. Otero samaswa, choncho sankawaika m'bokosi. Anati ndikapanda kudya ine adya agalu, ndisankhe ndekha. Ndinkaphika chitseko chili chotseka, makoko n'kumataya m'chimbudzi.

Enelesi atabadwa, anamwino anaona dzanjalo n'kunena kuti tidzabwere mwana akakulako. Apongozi anafika kuchokera kumudzi patapita masiku anayi. Anamufunyulula mwana, anayang'ana dzanjalo nthawi yaitali, kenako anandifunsa chimene ndinadya. Ine sinditha kunama munthu akandiyang'ana m'maso. Ndinaulula zonse, ndi za chachikasu pawiri zomwe.

Apongozi anga si munthu woipa. Kumudzi anamangapo tizala ta ana atatu, ndipo tonse tinauma n'kugwa pasanathe sabata, ana aja ali bwinobwino mpaka lero. Kwa iwo iyi inali ntchito yaing'ono, yokonza chimene ine ndinaononga ndi mkamwa mwanga. Mchombo wa mwana utagwa, anakhala pamphasa panja, anapota ulusi wakuda pantchafu, n'kundiuza kuti ndigwire mkono wa mwana. Ndinagwira. Misozi inkagwera pa mwanayo, koma ndinagwira. Ulusi unali utazungulira kamodzi pamene Che Twaibu anatulukira pakona, akupita kukatembenuza mazira awo a masana.

"Mukusoka chiyani pamenepo, mayi?"

"Za akazi izi, bambo. Dutsani."

Sanadutse. Ananjuta, anapukuta manja pajekete, n'kugwira chala chilichonse mwa ziwirizo pakati pa zala zawo, pang'onopang'ono ngati akupima sipuling'i ya wotchi.

"Muli fupa umu. Ndi umunso. Tagwirani."

"Ndamanga ana atatu ine."

"Tomwe munamangato tinali tofewa, tolendewera pakachikopa, mbali ya chala chaching'ono. Ndanama?"

Che Twaibu anakweza kadzanja kaja kuti apongozi aone.

"Ichi mukamanga sichigwa. Chiwolera pomwepo, ndipo kuwola sikudziwa polekera. Mudzafuna kuchotsa chala, mudzachotsa dzanja."

"Mwandionongera mdzukulu ndi mazira anu apawiri, ndiye mukufunanso kundiphunzitsa?"

Che Twaibu anamasula ulusi uja okha, osapempha. Kenako anati tonse tiwatsatire, ndipo ine nditenge tewera loyera ndi buluu wochapira.

M'kashedimo ndinali ndisanalowemo. Munkanunkha palafini ndi sipiriti. Anatsegula bokosi n'kutulutsa dzira limene pamwamba pake panali kazenera kobooledwa bwino, komatidwa ndi selotepi. Anamatula, analiika pansi pa makina aja, anaunika ndi tochi, n'kuuza apongozi kuti asuzumire. Apongozi anasuzumira monyinyirika. Kenako anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda malata.

"Chikugunda," anatero.

Nditasuzumira ine, ndinaona kanthu kopindika ngati kamphutsi, kagona pa mitsempha yofiira yoyala ngati mizu. Pakati pake kamtima kankagunda, msangamsanga, koonekera poyera. Mazira ndinali nditaphwanya ambiri pa moyo wanga, koma sindinkadziwa kuti umo ndi m'mene zimakhalira.

"Ili ndi la masiku anayi," anatero Che Twaibu. "Mukuona kotupa kali m'mbalimo, ngati kambewu ka mapira? Limenelo ndi phiko. Mulibe fupa, mulibe nthenga. Koma nkhani ya zala zake ikugamulidwa lero lomwe lino. Nkhuku ili ndi zala zitatu m'phiko, mumaziona mukamakukuta."

Anayala tewera lija patebulo, analinyowetsa, n'kudontheza buluu m'mphepete mwake mbali imodzi. Buluuyo anayamba kuyenderera. Pamene anadonthapo panada bii, chapakati panachita mbuu, mbali inayo panatsala poyera. Anati kumbuyo kwa kotupa kaja kuli kachigawo kakang'ono ka nyama kamene kamatulutsa timadzi take, ndipo timadzito timayenderera chimodzimodzi. Nyama imene yalandira tambiri imadziwa kuti ili kumapeto, imasanduka chala chaching'ono. Yolandira tochepa imakhala chala chapakati. Ya kutali, kumene sitinafike bwino, imakhala chala chamanthu. Palibe kanyama kamene kamaliona dzanja lonse. Kalikonse kamangomva kuchuluka kwa timadzi pamene kali, basi n'kudziwa dzina lake.

Kenako anadontheza kadontho kena kakang'ono mbali yoyera ija.

"Nanga kakadontha kuno?"

Anatsitsa botolo limene linali kuseri kwa chitini pashelefu. M'sipiriti munali mwanapiye wosaswa, woyera, maso aakulu. Phiko limodzi linali labwino. Linalo linali ndi zala zisanu ndi chimodzi, zitatu kuloza uku, zitatu kuloza uko, zofanana ngati munthu waika dzanja pagalasi. Anati ameneyo anamupanga okha, pa nthawi ya mayi wachizungu uja. Anacheka kachigawo kaja m'dzira lina ndi nsonga ya singano, n'kukakabzala kutsogolo kwa phiko la uyu. Nyama ya pamenepo inamva timadzi kuchokera mbali zonse ziwiri, ndipo inamvera mbali zonse ziwiri. Anatinso akabzala kochepetsetsa, sipankatuluka zala zitatu ayi, pankangowonjezereka chimodzi, cha mbali ya chala chamanthu.

"Ngati cha mwanayu. Kadontho kakang'ono kanagwera mbali yolakwika, basi. Ndipo pa munthu zimenezi zimachitika mayi atangodumpha mwezi, mwina asanauze n'komwe mwamuna wake. Mazira anga uyu anayamba kudya mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi. Pamenepo zala zinali zitatha kalekale, ndi zikhadabo zomwe."

"Ndiye anadontheza ndani kachiwiriko?" anafunsa apongozi.

"Sindidziwa. Mzungu uja sankadziwanso. Ngakhale timadzito palibe anationapo ndi maso, timangoona ntchito yake. Adziwa ndi Mulungu. Koma si mpongozi wanuyu."

Ine ndinamva ngati andichotsera mtolo pamutu. Ndinayang'ana apongozi, ndikuyesa kuti nawonso amva. Koma iwo maso anali pabotolo.

"Ndiye mwavomera nokha," anatero motsitsa mawu. "Mwavomera kuti mumatha kuchulukitsa zala."

Che Twaibu anabweza botolo pashelefu. Kenako mkwiyo unawagwira.

"M'dzira ndimalowa chifukwa ndimaboola zenera. Pamimba pa mpongozi wanuyu munaonapo zenera?"

Mawu amenewo sanali oyenera kuuza munthu wamkulu wamkazi, mpongozi wake ali pomwepo. Apongozi anatuluka. Ulusi uja anaumanga pansonga ya chitenje, ndipo madzulo anauza bambo a Enelesi kuti mwanayo samukhudza malinga mwini zakezo ali pabwalo pano, kuopa kuti angawabwezere. Patapita masiku atatu anakwera basi. Choncho Che Twaibu anapulumutsa dzanja la Enelesi, koma osati m'njira imene ankafuna. Iwo ankafuna kuti apongozi amvetse. Apongozi anangowaopa.

Ndivomere kuti inenso ndinawaopa. Kwa masabata angapo ndikatseka maso ndinkaona phiko lija. Nkhuku sindinkadya. Ndikamva nsapato zawo ndinkabisa dzanja la mwana m'nsalu. Iwo anaona, koma ankangodutsa. Ndinamva kwa a Phiri kuti botolo lomwelo linawakanganitsapo ndi akuluakulu a kumzikiti, amene anawauza kuti si bwino kusintha chimene Mulungu waumba. Che Twaibu anakana kulitaya, koma analumbira kuti sadzabzalanso. Kuyambira pamenepo ankangoboola zenera n'kumayang'ana. Ankati munthu amene sanatsegulepo wotchi amatamanda lamba wake, wotsegula ndiye amadziwa kutamanda amene anaipanga.

Chimene chinandibweza chinali chinthu chaching'ono. Tsiku lina masana anandiitana kuti ndiwagwirire tochi, chifukwa nyale inkafuna kukonza. Dzira la tsikulo linali la masiku awiri. Munalibe phiko, munalibe miyendo, kamzere chabe, ndipo m'mbali mwa kamzereko munali timibulu tiwiritiwiri, tondandalikana ngati mikanda. Anandiuza kuti ndiwerenge. Ndinapeza khumi mbali iliyonse. Anavula wotchi yawo n'kundipatsa.

"Pitani mukayamwitse. Singano yaitali ikazungulira kamodzi ndi theka, mubwere."

Nditabwera tinali khumi ndi kamodzi. Anati timeneto ndi timene timadzakhala mafupa a msana, ndipo timatuluka motsatana kuchokera kumutu kupita kumchira, pa nthawi yake, usana ndi usiku, popanda wotiwerengera. Nkhope yawo pamene ankanena zimenezi inali ngati ya mwana amene wapeza chisa cha mbalame. Ndinaganiza kuti mfiti singaoneke choncho. Tsiku limenelo ndinawafunsa funso langa loyamba, ngati Enelesi nayenso anali ndi timibulu totero m'mimba mwanga. Anati eya, ndipo take tonse tinatuluka bwino, ndisaiwale zimenezo ndikamayang'ana chala chimodzi. Kenako anawonjezera kuti funsolo alimva bwinobwino, ndiye kuti mawu ndili nawo, ndimangowaumira.

Za chipatala anayendetsa ndi iwo. Anati palibe angadziwe chala choyenera kutsala popanda kujambula mafupa, chifukwa mwina chooneka chachikulu ndi chimene chilibe mphamvu, ndipo wochotsa ayenera kusokanso mitsempha kuti chotsalacho chizigwira. Anapitako katatu wapansi, kuwoloka mtsinje, kukafunsa tsiku limene dokotala wa mafupa amaona ana. Ulendo wachitatu anabwera ndi kapepala kolembedwa dzina la Enelesi ndi tsiku, Lachisanu, 8 koloko. Anakaika m'dilowa ya tebulo lawo la mawotchi n'kukiya, amati m'nyumba mwathu kadyedwa ndi mbewa kapena mwana.

Apongozi anabweranso Lachiwiri la sabata yomweyo, atamaliza kukolola mtedza. Anapeza Enelesi akukwawa, akutola supuni ndi zala ziwiri zija ngati mbaniro. Anamva ana a pafupi akumutchula kuti nkhanu. Anati mtsikana wotere adzagwira bwanji munsi, adzapatsa bwanji anthu moni, ndipo miyezi khumi yapita madala aja akungolonjeza. Che Twaibu atawaona pabwalo anavula chipewa mwaulemu kwambiri.

"Mwafika, mayi? Ulusi uja mwabwera nawo?"

"Ndabwera nawo."

"Muwapatse a Phiri, akusowa wakuda."

Lachitatu madzulo, dzuwa lisanalowe, anandiitana pakhomo pa kashedi. Anati Lachisanu iwo akaima pakhomo, koma kwa dokotala ndikalankhula ndine, chifukwa mwana ndi wanga. Anafuna kuti ndiyeserere pomwepo, ndinene zaka zanga, miyezi ya mwana, ndi chimene ndikufuna. Ndinayamba, mawu n'kuthawa. Ndinati sindingathe, akalankhule iwo amene amadziwa Chingerezi. Anapsa mtima. Anati iwo ndi nkhalamba, sangamayende kumbuyo kwa mwana wanga mpaka akakwatiwe, ndipo mayi amene amagwira mkono wa mwana wake kuti ena amange ulusi asamalire ngati walakwiridwa. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinanyamula mwana n'kulowa m'nyumba. Lachinayi m'mawa, pamene ankadutsa kupita kukhonde, ndinamva nsapato zawo ndipo ndinawerama pabeseni ngati sindinamve. Sindinawapatse moni.

Amuna atabwerako kumanda, mphwawo wa Che Twaibu, bambo wina wamalonda amene ndinali nditamuonapo kawiri kokha, anayamba kulongedza. Tebulo la mawotchi analichotsa pakhonde n'kulilowetsa m'chipinda, anakiya, kiyi n'kuika m'thumba, amati za eni ake zidzaonedwa abale akasonkhana. M'kashedi anazimitsa nyale ya bokosi. Mazira anawataya kudzala, a mazenera ndi opanda mazenera omwe. Botolo lija analikulunga m'chiguduli osaliyang'ana kawiri, n'kukaliponya m'chimbudzi. Ine ndinaima pamenepo mwana ali kumsana. Kapepala kanga kanali m'dilowa. Sindinawapemphe kuti anditsegulire.

Tikudya madzulo apongozi analankhula mofatsa, osati mwankhanza.

"Mwini zake wapita. Mawa tichite zathu, mwana apume."

Bambo a Enelesi anayang'ana m'mbale. Anati amayi amadziwa, ndiponso popanda kapepala kuchipatala akatibweza.

Lachisanu kutacha, apongozi anayala mphasa panja n'kukhala. Ulusi unali pantchafu. Ine ndinamusambitsa Enelesi, ndinamuveka diresi lake la kutchalitchi, ndinamanga khadi la chipani ndi la sikelo pansonga ya chitenje, n'kumubereka. Ndinatuluka, ndinagwada patsogolo pawo monga mwa masiku onse.

"Mutsitseni," anatero.

"Ayi, amayi."

Anandiyang'ana ngati yalankhula ndi nkhuku.

"Muli fupa m'chalamo," ndinatero. Mawu ankamveka. "Munagwira nokha. Tomwe munamanga kumudzi munalibe. Ndikupita naye kuchipatala. Mukafuna, tiyeni."

"Zikakakuvutani kumeneko musadzandilirire ine."

"Chabwino, amayi."

Bambo a Enelesi anali atagwira njinga pageti. Anangosuntha njingayo kuti ndidutse.

Njira ya kumlatho imadutsa pakhonde paja. Masitolo anali akutsegulidwa, anthu ali piringupiringu kulowera kumsika, mphepo ya Ogasiti ikuulutsa fumbi ndi mapepala. Pamene pankakhala tebulo panali malo oyera pasimenti, a makona anayi, ndi timaenje tinayi ta miyendo. Pakhoma panatsala msomali umene ankapachikapo jekete pokasamba m'manja popita kukapemphera. M'ming'alu ya simenti munkanyezimira tizitsulo ting'onoting'ono timene tinawagwa pa zaka zonsezo. Sindinkadziwa kuti khonde limenelo linkalira mpaka pamene linakhala chete. A Phiri anali pampando wawo, makina osavundukula, manja ali pakati pa mawondo. Bambo wina wa tayi anaima pamalo oyerawo, akufunsa kuti wotchi yake aitenga kwa yani, ndipo palibe ankamuyankha.

"A Phiri," ndinatero, "nthawi ili bwanji?"

Anatembenukira kumanzere, kumene kunalibe munthu. Kenako anayang'ana dzuwa.

"Sindikudziwa, amake Enelesi. Koma fulumirani."

Ndinamukweza mwana, ndinamangitsa nsalu, n'kutsikira kumlatho wopanda kapepala, ndikubwereza chamumtima zaka zanga, miyezi ya mwana, ndi chimene ndikufuna.